Muli ndi chilolezo chokhazikika ku South Africa koma mwakhalitsa kumudzi? Werengani masiku musananyamuke

M'maboma a m'malire monga Angónia, Tsangano, Macanga ndi Moatize muli mabanja ambiri amene ali ndi m'bale wawo ku South Africa. Ena amapita ndi pasipoti yokha, ena ali ndi viza ya ntchito, ndipo alipo ena amene anapatsidwa chilolezo chokhazikika m'dzikolo. Anthu a gulu lachitatuli akabwera kumudzi kudzadwazika makolo, kudzamanga nyumba kapena kudzalima, nthawi zina amakhalitsa kuposa mmene anakonzera. Tsiku lobwerera likamayandikira, mtima umayamba kufunsa: kodi pepala lija likugwirabe ntchito, kapena akandibweza pa Beitbridge?

Yankho lalifupi ndi ili: lamulo la South Africa limalola boma kulanda chilolezo chokhazikika ngati mwini wake wakhala kunja kwa dzikolo kwa zaka zoposa zitatu. M'munsimu tikufotokoza mmene zaka zitatuzo zimawerengedwera, anthu amene lamuloli limawapatula, zoyenera kunyamula pa ulendo, ndi zimene mungachite ngati nthawi yadutsa kale.

Yambani ndi kudziwa pepala limene muli nalo

Si pepala lililonse lochokera ku Home Affairs limene lili chilolezo chokhazikika. Home Affairs ndi unduna wa ku South Africa woona za ziphaso ndi za alendo, ntchito zimene kuno zimagwiridwa ndi a Identificação Civil ndi a Migração. Pa chilolezo chokhazikika pamalembedwa mawu a Chingerezi akuti Permanent Residence Permit, ndipo sipakhala tsiku lothera ntchito. Mwini wake amaloledwa kukhala, kugwira ntchito, kuchita bizinesi ndi kuphunzira m'dzikolo popanda viza. Amathanso kutenga ID ya ku South Africa ya manambala 13. Mukawerenga kuchokera kumanzere, nambala ya 11 imakhala 1 kwa munthu wokhazikika, pamene kwa nzika imakhala 0.

Anthu ambiri a ku Moçambique, pamodzi ndi ena a mayiko oyandikana nawo, anapeza mwayi umenewu pakati pa 1995 ndi 2000. Nthawi imeneyo boma la South Africa linatsegula khomo katatu: mu 1995 kwa anthu amene anagwira ntchito zaka zambiri m'migodi, mu 1996 kwa nzika za mayiko a SADC zimene zinali zitakhala kale m'dzikolo zaka zingapo, ndipo mu 1999 ndi 2000 kwa anthu a ku Moçambique amene anathawira kumeneko nthawi ya nkhondo. Mapepala a nthawi imeneyo anaperekedwa pa lamulo lakale, choncho maonekedwe ake ndi osiyana ndi a masiku ano. Ena anapeza chilolezo pambuyo pake kudzera m'banja kapena pa ntchito.

Viza ya ntchito, ya sukulu kapena ya banja imakhala ndi tsiku lothera, ndipo nkhani ya zaka zitatu siikhudza mapepala amenewo. Pepala la asayilamu nalonso lili ndi malamulo ake, ndipo lingathe mphamvu mwini wake akangotuluka m'dzikolo popanda chilolezo. Dziwaninso kuti kukhazikika si unzika. Munthu wokhazikika savota ku South Africa, ndipo amayendabe ndi pasipoti ya dziko la kwawo.

Zimene lamulo limanena

Lamulo loyendetsa nkhaniyi ndi Immigration Act, nambala 13 ya chaka cha 2002. Gawo 28 la lamuloli limapereka mphamvu yolanda chilolezo kwa mkulu wa Home Affairs, amene udindo wake umatchedwa Director-General. Zifukwa zake ndi zinayi. Choyamba, ngati mwini chilolezo wapezeka wolakwa kukhoti pa milandu ikuluikulu imene lamuloli linaindandalika, kapena pa mlandu wophwanya lamulo lomweli. Chachiwiri, ngati sanatsatire mfundo zimene zinalembedwa pa chilolezo chake. Chachitatu, ngati wakhala kunja kwa dzikolo kwa zaka zoposa zitatu. Chachinayi, ngati sanayambe kukhala m'dzikolo chaka chimodzi chisanathe kuchokera pa tsiku limene chilolezo chinaperekedwa.

Mawu a gawoli ndi ofunika kuwamvetsa bwino. Silinena kuti chilolezo chimafa chokha zaka zitatu zikakwana. Limanena kuti mkuluyo angathe kuchilanda. Ndiye kuti munthu amene wapitirira zaka zitatu sanataye chilichonse pa tsiku lomwelo, koma kuyambira pamenepo chilolezo chake chili m'manja mwa boma, ndipo iyeyo ndiye ayenera kufotokoza chifukwa chake chisalandidwe. Amene sanafike zaka zitatu alibe mlandu wa kukhalitsa kunja, ngakhale atakhala kumudzi zaka ziwiri ndi theka.

Kuwerenga zaka zitatu

Kuwerenga kumayambira pa tsiku limene munatuluka komaliza m'dziko la South Africa. Tsiku limenelo lili pa chidindo chotulukira m'pasipoti yanu, ndipo lilinso mu kompyuta ya a m'malire. Tsiku limene munasiya ntchito kapena limene munafika kumudzi lilibe ntchito pa kuwerengaku.

Kumudzi nthawi timaiwerenga ndi mvula ndi zokolola, ndipo apa ndi pamene munthu angasokonekere. Tiyerekeze munthu amene anatuluka pa Beitbridge pa 18 Dezembro 2023 kubwera kudzadya Khirisimasi. Anapeza mayi ake akudwala, n'kuganiza zokhala kaye. Wakolola chimanga mu 2024, mu 2025 ndi mu 2026. Mvula yoyamba itagwa kumapeto kwa 2026, akuti abzale, apalire, athire feteleza, kenako anyamuke pakati pa Janeiro 2027. M'maganizo mwake wangokhala zaka zitatu. Koma pa kalendala zaka zitatu zinakwana pa 18 Dezembro 2026, ndipo pofika pa chipata adzakhala atapitirira ndi mwezi wathunthu. Akananyamuka atangogulitsa zokolola mu Julho kapena Agosto, pakanakhala palibe funso.

Choncho tsegulani pasipoti lero, pezani chidindo chomaliza chotulukira, onjezerani zaka zitatu, ndipo lembani tsikulo pamalo poonekera. Musakonze ulendo pa sabata yomaliza. Pasipoti ikhoza kupezeka kuti inatha, ndipo kutenga yatsopano ku Migração ku Tete kumafuna nthawi ndi ndalama. Siyani mpata wa miyezi ingapo.

Amene anabwera kumudzi nthawi ya Covid-19 akumbukire kuti South Africa inatseka malire ake kumapeto kwa Março 2020 n'kuyamba kuwatsegula pa 1 Outubro chaka chomwecho. Amene anatuluka nthawi imeneyo ndipo sanabwererenso anapitirira kale zaka zitatu. Iwowa awerenge mosamala gawo lonena za amene nthawi yawadutsa.

Kulowa kumene kumadula nthawi

Gawo 28 limanena kuti nthawi yokhala kunja imaduka pokhapokha munthu akaloledwa kulowa m'dzikolo ndi kukhalamo. Pali zinthu ziwiri apa, ndipo zonse ziwiri zimafunika.

Choyamba ndi kuloledwa kulowa. Ndiye kuti mwadutsa pa chipata chovomerezeka, mwaonekera pamaso pa ofisala, ndipo wakudindirani. Ife a m'malire tinazolowera kudutsa popanda chidindo. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu womwe ndiwo malire, ndipo munthu amapita ku msika wa Lizulu m'mawa n'kubwerako masana osaganiza kuti wapita kunja. Chizolowezi chimenechi musapite nacho ku Limpopo. Munthu amene wawoloka mtsinje kapena wadutsa pa waya, ngakhale atakhala ku Johannesburg chaka chathunthu, mu kompyuta ya boma amaoneka kuti adakali kunja. Zaka zake zitatu zikupitirirabe kuwerengedwa, ndipo wawonjezerapo mlandu wolowa mozemba, umene chilango chake ndi chindapusa kapena ndende.

Kupatsa dalaivala kapena kondakitala pasipoti kuti akakudindireni inu muli kumudzi n'koopsa kwambiri. Chidindo chotere n'chachinyengo, ndipo chikapezeka, nkhani imachoka pa kukhalitsa kunja n'kukhala mlandu wa chinyengo.

Chachiwiri ndi kukhalamo. Gawoli silitchula chiwerengero cha masiku, koma kulowa m'mawa pa Beitbridge, kugula katundu ku Musina n'kutuluka madzulo n'kovuta kukutchula kuti kukhala. Mukalowa, khalani nthawi yooneka, ndipo sungani umboni: malisiti a lendi, mapepala a malipiro, sitetimenti ya ku banki, khadi la kuchipatala.

Amene nthawi yawo siiwerengedwa

Lamulo limapatula anthu ena, ndipo nthawi imene iwo akhala kunja siilowa m'zaka zitatu zija. Anthuwo ndi awa:

Wogwira ntchito ya boma la South Africa amene watumizidwa kunja.

Wogwira ntchito kapena woimira munthu kapena kampani ya ku South Africa. Mwachitsanzo, makaniko wolembedwa ntchito ndi kampani ya ku Johannesburg amene watumizidwa kudzagwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize. Ameneyu asunge kalata yomutuma ndi mapepala a malipiro ochokera ku kampaniyo.

Wogwira ntchito ku bungwe la mayiko ambiri limene South Africa ndi membala wake.

Mkazi, mwamuna kapena mwana wodalira makolo amene akukhala pamodzi ndi munthu wa magulu atatu ali pamwambawa.

Mkazi, mwamuna kapena mwana wodalira makolo wa nzika ya South Africa amene akukhala pamodzi ndi nzikayo kunja. Mwachitsanzo, bambo wa ku Angónia amene anakwatira nzika ya South Africa ndipo onse awiri akukhala ku Ulongwe. Koma ngati mkaziyo anatsala ku Joni, kapena ngati nayenso ndi wokhazikika chabe osati nzika, mwayi umenewu palibe.

Taonani kuti kulima, kudwazika matenda, maliro, kumanga nyumba kapena kulowa ufumu sizili pa mndandandawu. Zimenezi siziimitsa kuwerenga. Zingathandize pa njira ina, imene ndi kupempha nthawi yowonjezera.

Kupempha nthawi yowonjezera

Gawo 28 limalola Director-General kutalikitsa nthawi ngati munthu wapereka chifukwa chomveka. Koma pali mfundo imodzi yosaphonya: pempho liyenera kuperekedwa nthawi isanathe. Ngati mukuona kuti matenda a makolo kapena anu sakulolani kubwerera pa nthawi yake, lembani kalata zaka zitatu zisanakwane.

M'kalatamo mulembe dzina lanu monga lilili pa chilolezo, nambala ya chilolezo, nambala ya ID, tsiku limene munatuluka, chifukwa chimene mukukhalira kunja, ndi nthawi imene mukupempha. Muphatikize umboni: mapepala a kuchipatala, chikalata cha imfa chochokera ku Registo Civil ngati panagwa maliro, ndi kalata ya mfumu kapena ya ku posto administrativo yotsimikiza kumene mukukhala. Mapepala a Chipwitikizi ayenera kumasuliridwa m'Chingerezi ndi womasulira wolumbira. Ofesi ya kazembe wa South Africa kuno ili ku Maputo, ndipo ku Malawi ili ku Lilongwe. Kumeneko ndi kumene mungafunse njira yotumizira kalata yanu. Sungani fotokope ya chilichonse, ndi umboni wakuti kalata inalandiridwa. Ngati sanakuyankheni, musatenge kuti avomera. Ngati mungathe kuyenda, kubwerera nthawi isanathe ndiyo njira yosavuta kuposa zonse.

Zina zimene zingathetse chilolezo

Ena amaopa zaka zitatu pamene vuto lawo lenileni lili kwina. Munthu amene anapeza chilolezo chifukwa cha banja adziwe kuti chimatha chokha ngati banjalo latha zaka ziwiri zisanakwane kuchokera pa tsiku limene chinaperekedwa, kupatula ngati mnzakeyo wamwalira. Mwana amene anapeza chilolezo kudzera mwa makolo ali wamng'ono ayenera kupempha kuti chitsimikizidwe akakula, ndipo nthawi yopemphera ndi zaka ziwiri zokha. Makolo amene anabweretsa ana kumudzi kuti adzaphunzire kapena adzakhale ndi agogo aonetsetse zimenezi. Pa milandu iwiriyi lamulo limanena kuti chilolezo chimatha, osati chingathe kulandidwa.

Njira ndi zoyenera kunyamula

Ochokera ku Tete ambiri amadzera ku Zimbabwe. Mabasi ochokera ku Lilongwe amalowa pa Calómuè, ochokera ku Blantyre amalowa pa Zóbuè, ndipo onse amawoloka Zambezi ku Tete, kudutsa Changara, kutuluka pa Cuchamano n'kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda. Kuchoka apo ndi Harare mpaka Beitbridge, chipata chimene chimagwira ntchito usana ndi usiku. Njira ina ndi yotsika kummwera mpaka Maputo n'kutulukira pa Ressano Garcia, mbali ya South Africa pamatchedwa Lebombo. Lamulo ndi limodzi pa zipata zonse. Kuyambira Abril 2023 ntchito ya pa zipatazi ili m'manja mwa bungwe la Border Management Authority, koma nkhani za zilolezo zidakali ku Home Affairs.

Pa zipata za Moçambique ndi Zimbabwe chofunika ndi pasipoti yanu. Chilolezo chokhazikika chimayamba kugwira ntchito mukafika mbali ya South Africa. Nyamulani izi, ndipo zikhale pathupi panu, osati m'chikwama cha m'ngolo ya basi:

Pasipoti yosatha ntchito. ID ya ku South Africa si chiphaso choyendera, ndipo BI ya kuno singakulowetseni.

Chilolezo chenichenicho, pamodzi ndi fotokope yotsimikizidwa. Fotokope ina isiyeni kunyumba, ndipo jambulani chilolezocho pa foni.

ID ya ku South Africa.

Pasipoti yakale, ngati chidindo chanu chomaliza chotulukira kapena chizindikiro cha chilolezo chili mmenemo.

Umboni wa chifukwa chimene munakhalira kunja, ndi umboni wakuti mudakali ndi moyo ku South Africa, monga kalata ya ntchito, adiresi, akaunti ya ku banki kapena ana amene ali pasukulu kumeneko.

Musananyamuke, ikani mapepala onse pamphasa n'kuyerekeza mayina ndi masiku obadwa. M'malire muno si zachilendo kupeza dzina litalembedwa m'Chipwitikizi pa pepala lina ndi m'Chingerezi pa lina. Alipo amene anapatsidwa chilolezo ali ndi pasipoti ya Malawi koma lero akuyenda ndi ya Moçambique. Kusiyana kotere kungakuimitseni pa chipata ngakhale masiku anu ali bwino. Kukonzeni musanakwere basi. Ngati chilolezo chinatayika kapena chinadyedwa ndi chiswe, Home Affairs imapereka kalata yotsimikiza kuti munthu ndi wokhazikika, ndipo mkati mwa South Africa pempho lake limadzera ku maofesi a VFS Global. Muli kuno, yambirani ku ofesi ya kazembe.

Mukafika pa windo

Perekani pasipoti ndi chilolezo nthawi imodzi, ofisala asanadinde, ndipo muuzeni kuti ndinu wokhazikika. Angakufunseni tsiku limene munatuluka, chimene munkachita kunja, ndi kumene mukukakhala. Yankhani zoona ndi mwachidule. Tsiku limene munatuluka akuliona kale pa kompyuta, choncho bodza silikuthandizani, ndipo kunama kwa ofisala wa m'malire ndi mlandu pawokha.

Musasaine pepala limene simukulimva. Pemphani kuti akuwerengereni kapena akupezereni womasulira. Ngati akutenga chilolezo chanu kuti akachifufuze, pemphani pepala losonyeza kuti achitenga, ndipo lembani dzina la ofisalayo, tsiku ndi nthawi. Musapereke ndalama kwa aliyense wolonjeza kukudutsitsani. Musagule mapepala. Gawo 29 la lamulo lomweli limanena kuti munthu wopezeka ndi viza, pasipoti, chilolezo kapena ID yabodza ndi woletsedwa kulowa m'dzikolo.

Msampha wa masiku 30

Pasipoti ya Moçambique, ngakhalenso ya Malawi, imalola munthu kulowa ku South Africa ngati mlendo kwa masiku 30 popanda viza. Chifukwa cha mantha, wina angaganize zobisa chilolezo chake n'kulowa ngati mlendo kuti asafunsidwe mafunso. Nthawi zina zimachitikanso mwangozi, pamzere wautali usiku, munthu akapereka pasipoti yokha.

Zotsatira zake zimaoneka pa ulendo wotuluka. Kompyuta imakuonani ngati mlendo amene anapatsidwa masiku 30 n'kupitirira. Kuyambira Maio 2014, mlendo wopitirira masiku ake amalembedwa kuti ndi wosafunika m'dzikolo. Akapitirira ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowa kwa chaka chimodzi. Akabwerezanso pasanathe miyezi 24 amaletsedwa zaka ziwiri. Akapitirira ndi masiku oposa 30 amaletsedwa zaka zisanu. Munthu wokhazikika sayenera kugwa m'chilango chimenechi, koma chikalembedwa molakwika, kuchichotsa kumafuna makalata ndi nthawi, inu muli kunja, ntchito ndi banja zili mkati. Ndipo nthawi yonse imene mukudikira, zaka zitatu zija zikuwerengedwa.

Choncho musachoke pa windo musanayang'ane chidindo. Ngati alembapo masiku 30 kapena tsiku loti mutuluke, bwererani pomwepo, onetsani chilolezo, ndipo pemphani kuti akonze. Basi ikhoza kuliza hutala, koma mphindi zisanu zimenezo n'zofunika kuposa mpando wanu.

Ngati zaka zitatu zadutsa kale

Musataye mapepala ndipo musathamangire njira ya kutchire. Monga tanena, chilolezo sichifa chokha chifukwa cha kukhalitsa kunja. Kuwonjezera apo, gawo 28 limapatsa nduna ya Home Affairs mphamvu yokhululukira munthu pa mfundo ya kukhala m'dzikolo.

Yambani ndi kuona ngati simuli m'gulu la anthu opatulidwa aja. Mwina zina mwa zaka zimene mwakhala kunja siziwerengedwa. Kenako sonkhanitsani umboni wa chifukwa chanu, mwadongosolo la masiku. Funsani ku ofesi ya kazembe ngati chilolezo chanu chidakali chamoyo m'mabuku awo musanawononge ndalama ya basi. Ngati muli ndi m'bale ku South Africa, mutumeni akafunse uphungu kwa loya wodziwa za alendo. Legal Aid South Africa imathandiza anthu osauka pa nkhani za malamulo, ndipo bungwe la Lawyers for Human Rights, limene lili ndi maofesi ku Johannesburg ndi ku Pretoria, limagwira ntchito ndi anthu obwera. Safunsa anadya phula.

Mukaganiza zoyenda, konzekerani mafunso ambiri pa chipata, ndipo khalani ndi ndalama yobwererera ngati zingavute. Musagulitse ng'ombe kapena kubwereketsa munda wonse musanadziwe kuti nkhani yanu yatha bwanji. Mukaloledwa kulowa, khazikikani ndipo konzani mapepala anu musanaganize za ulendo wina wautali.

Akakukanizani kulowa kapena akalanda chilolezo

Gawo 8 la lamuloli limakupatsani ufulu wodandaula. Ofisala akakukanizani kulowa, ayenera kukudziwitsani pa fomu yovomerezeka kuti mungathe kupempha nduna, mwa kalata, kuti iunikenso chigamulocho. Nthawi yake ndi yochepa kwambiri: pasanathe masiku atatu, ndipo ngati galimoto imene mwabwera nayo ikubwerera nthawi yomweyo, pempho liperekedwe pomwepo, yankho mukalidikira muli kunja. Musachoke pa chipata popanda pepala losonyeza kuti mwakanizidwa ndi chifukwa chake. Popanda pepala, loya alibe poyambira.

Chigamulo china chilichonse chokupwetekani, monga kulanda chilolezo, chiyenera kufika kwa inu cholembedwa, pamodzi ndi zifukwa zake. Kuchokera pa tsiku limene mwachilandira muli ndi masiku 10 ogwira ntchito oti mudandaule. Dandaulo limapita kwa Director-General, ndipo chigamulo cha iyeyo chimakadandaulidwa kwa nduna, pasanathenso masiku 10 ogwira ntchito. Njira zimenezi zikatha, khoti lilipo.

Ndalama za okalamba zili ndi kawerengedwe kake

Munthu wokhazikika wa zaka 60 kapena kuposa angathe kulandira ndalama za okalamba kuchokera ku SASSA ngati akukwaniritsa zofunika zake. Ndalama zimenezi ndi za anthu okhala m'dzikolo, ndipo nthawi yake ndi yaifupi kwambiri poyerekeza ndi zaka zitatu. Wolandira amene akufuna kukhala kunja masiku oposa 90 ayenera kudziwitsa a SASSA asananyamuke. Agogo angathe kukhala ndi chilolezo chabwinobwino koma ndalama zawo zitaimitsidwa. Kukhalitsa kunja kumasokonezanso amene akufuna kudzapempha unzika, chifukwa pempho limenelo limafuna kuti munthu akhale akukhala m'dzikolo zaka zisanu zotsatizana asanapemphe.

Dziko lililonse lili ndi lamulo lake

Zaka zitatu ndi za South Africa yokha. Ku Britain chilolezo chokhazikika chimatha munthu akakhala kunja zaka zoposa ziwiri, pamene ku Canada amafuna masiku 730 m'dzikolo pa zaka zisanu zilizonse. M'bale wanu wa ku London akakuuzani za zaka ziwiri, akunena za kwawoko.

Chimodzimodzinso kuno. A ku Malawi ndi a ku Zambia amene anakwatira kapena amachita bizinesi m'chigawo cha Tete ndipo ali ndi DIRE asatenge zaka zitatu za ku Joni ngati zawo. Iwo amayendetsedwa ndi Lei n.º 23/2022, ndipo ofesi yawo ndi SENAMI. DIRE imakhala ndi tsiku lothera ndipo imafuna kukonzedwanso. Amene akufuna kukakhala nthawi yaitali kwawo adziwitse a Migração mwa kalata asananyamuke, ndipo asunge fotokope yodindidwa.

Musanagule tikiti

Pezani chidindo chomaliza chotulukira ndipo werengani zaka zitatu pa kalendala. Onani ngati pasipoti idakali yamoyo, ndiponso ngati mayina ndi masiku obadwa akufanana pa mapepala onse. Ngati nthawi yayandikira ndipo mungathe kuyenda, nyamukani. Ngati simungathe, lembani kalata yopempha nthawi tsiku lisanafike. Dutsani pa chipata, onetsani chilolezo, ndipo yang'anani chidindo musanabwerere m'basi. Malamulo amasintha, choncho ulendo uliwonse usanachitike funsani ku Home Affairs kapena ku ofesi ya kazembe ngati pali chatsopano. Ngati pamudzi panu pali agogo kapena m'bale amene ali ndi pepala lotere koma sadziwa kuwerenga, muwatsegulire pasipoti ndi kuwawerengera tsiku lawo.